Zala zimaphunzira kwa yani? Mafunso a oliza kiyibodi pa Biriwiri

Pa Biriwiri, pamene msewu wa M1 umayenda mokhudzana ndi malire a Malawi ndi Mozambique, piyano yeniyeni ija ya matabwa ndi nsambo zachitsulo ambiri timangoionera pa kanema. Chimene tili nacho ndi kiyibodi ya mpingo, ya Yamaha kapena Casio, yokulungidwa m'chitenje kuopa fumbi, imene imatuluka Loweruka masana kwaya ikamakonzekera, ndi Lamulungu m'mawa. Ine ndimailiza chifukwa choikonda basi, nsima ya pakhomo panga imachokera kwina. Mafunso awa ndi amene achinyamata a kwaya amandifunsa tikamakulunga mawaya, ndipo onse amazungulira pa nkhani imodzi: ndizimvera yani kuti zala zangazi zikhwime?

Kodi kumvera kokha kungamuphunzitse munthu kuliza?

Kwambiri. Mwa oimba amene anaumba kalizidwe kanga, ambiri sindinawagwirepo chanza, ena anamwalira ndisanayambe n'komwe. Khutu ndilo limatsogola, zala zimabwera pambuyo. Nyimbo imene mwaimvera kakhumi modekha, mpaka kudziwa pamene besi imatsikira ndi pamene woimba amapumira, yakuphunzitsani kale musanavundukule chitenje chija.

Mu 1705 Johann Sebastian Bach, ali ndi zaka 20 ndipo ali kale woliza limba pa tchalitchi cha ku Arnstadt ku Germany, anayenda wapansi makilomita pafupifupi 400 kupita ku Lübeck kukamvera mkulu wina wa limba, Dieterich Buxtehude. Mtunda umenewu ukuposa wochokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Anapempha kuchokapo milungu inayi, koma anakhalako pafupifupi miyezi inayi, ndipo atabwerera akuluakulu a mpingo anadandaula kuti akukometsera nyimbo mwachilendo mpaka anthu kusokonezeka poimba.

Ife ulendo wathu umathera pamsika, kwa mnyamata woika nyimbo m'mafoni. Vuto lathu ndi lina: foni imodzi imanyamula nyimbo mazanamazana, ndiye timangodumphadumpha ngati chiwala, osatera pa imodzi. Bach anayenda mtunda wonsewo kutsatira munthu mmodzi.

Ndiye ndiyambire kwa yani?

Yambirani kwa mayi amene amayambitsa nyimbo m'tchalitchi mwanu.

M'mawa wa mwezi wa June, nkhungu itakuta msewu ndi minda ya mbatatesi, zala zitauma gwa ndi chisanu cha kuno, mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano amangodzuka n'kuiponya nyimbo. Safunsa kuti woliza ali mu kiyi yanji. Anzake amamulandira, abambo n'kulowa pansi ndi mawu awo aakulu, ndipo inu muli poteropo mwatsitsa voliyumu, mutu mwaweramitsira pa sipika, chala chimodzi chikufufuza kuti "do" wa mayiyu wagona pati. Lero ayambira pa F, sabata yamawa pa A flat, malinga ndi mmene mmero wadzukira. Mukafika pomupeza mzere woyamba usanathe, mwaphunzira chinthu chimene vidiyo iliyonse ya pa YouTube singakupatseni. Mayi ameneyu ndiye amakakamiza woliza kudziwa makiyi onse 12, ndipo amatero osadziwa n'komwe kuti akuphunzitsa munthu.

Kuimba kumene mukumvaku kuli ndi mizu. Ntcheu ndi boma la mamishoni akale: ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, kuli Mlanda kufupi ndi Lizulu, kuli Gowa, kuli Dombole. Kuimba kwa mawu anayi, soprano, alto, tena ndi besi, kunamera m'malo oterewa pamodzi ndi do-re-mi wa pa bolodi, makolo athu n'kukusandutsa kwawo. Buku la Nyimbo za Mulungu ndi sukulu yathunthu kwa woliza. Nyimbo zambiri m'menemo zimayenda pa magulu atatu a mawu omenyedwa nthawi imodzi, amene oimba amati ma chord: do-mi-so, fa-la-do ndi so-ti-re. Mu kiyi ya C ndiye kuti C-E-G, F-A-C ndi G-B-D. Gulu la do ndi kumudzi. La fa ndi pamene mwatuluka pakhomo. La so ndi pa mphambano madzulo, pamene mwendo wokha ukufuna kubwerera kwanu.

Tsono tcherani khutu kwa a alto. Iwo sadumpha. Amasuntha pang'ono, kukwera kamodzi, kutsika kamodzi, nthawi zina kukhala pamodzimodzi pamene a besi akulumpha uku ndi uku. Ophunzira ambiri amanyamula dzanja lonse lamanja pochoka pa C kupita pa F, ndipo zimamveka ngati munthu akugwetsa nkhuni. Siyani chala chachikulu pa C pomwepo, zinazo zisunthire pa F ndi A. Ndi chord yomweyo, koma tsopano yalowa mwaulemu. Zimenezi ine ndinaziphunzira kwa amayi a mzere wachiwiri wa kwaya.

Bwanji oliza ambiri kuno amamveka ngati a ku Balaka?

Chifukwa Balaka ndi pafupi, pamsewu ndi m'makutu momwe. Mukadutsa pa boma la Ntcheu n'kukhota pa Chingeni, mwafika. Kumeneko, pa parishi ya Akatolika, Paul Banda ndi anzake anayambitsa Alleluya Band mu 1978, ndipo gululi linasanduka nazale ya oimba: Lucius Banda, mng'ono wake wa Paul, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena ambiri anadzera momwemo. Mu 1994, chaka chimene Amalawi anachita chisankho chachikulu cha zipani zambiri, Lucius anatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, ndipo zaka zotsatira makaseti a ku Balaka anadzaza m'maminibasi, m'magolosale ndi pa maukwati. Amene tinakula nthawi imeneyo tinayamwira kamvekedwe kameneka. Lucius atamwalira ku South Africa pa 30 June 2024, ambiri a ife tinalira ngati tataya mphunzitsi amene tinakhalapo m'kalasi mwake.

Mu reggae ya ku Balaka kiyibodi imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kudula. Mukamawerenga 1, 2, 3, 4, dzanja limagwa pa 2 ndi pa 4, n'kuchokapo msanga ngati lakhudza mbaula yamoto. Yachiwiri ndi kuyankha: woimba akamaliza mzere, kiyibodi imaponya kanyimbo kakafupi mumpata umene watsala, monga mmene amayi amayankhirana pa mtondo. Ophunzira amathamangira yachiwiriyi chifukwa ndiyo imamveka patali, ndiyo imachititsa anthu kucheuka. Koma imene imanyamula nyimbo ndi yoyambayo, ndipo ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, chifukwa muyenera kugwa pamalo amodzimodziwo kwa mphindi zisanu osafulumira, osachedwa. Kuti mumve bwino kudula kumeneku, mverani Lucky Dube, amene chithunzithunzi chake chili pa reggae yonse ya chigawo chino cha Africa, kenaka Black Missionaries a ku Chileka, kumene Chizondi Fumulani wakhala pa kiyibodi zaka zambiri.

Ndinene chimodzi chimene chimandipweteka. Kukoma kwa Balaka kwatichititsa kuti nyimbo iliyonse tiziiveka malaya amodzi. Nyimbo ya mgonero, nyimbo ya maliro, nyimbo ya zopereka, zonse pa reggae. Paul Banda ndi anzake anapeza njira yawo pomvera zambiri. Ife tikamvera iwo okha, tatenga chipatso n'kusiya mtengo.

Ine ndikufuna kiyibodi. Oimba gitala ndi banjo andithandiza chiyani?

Akuthandizani pa chinthu chimene oliza kiyibodi ambiri timasowa: dzanja lamanzere lamoyo.

Tengani Daniel Kachamba wa m'mudzi wa Singano ku Chileka. Iye ndi mng'ono wake Donald anatola kwela, nyimbo za chitoliro zimene zinabuka m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, n'kuzipatsa lilime la kwathu. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre mu 1967, ndipo kudzera mwa iye dziko lakunja linawamva. Mukamvera Daniel akuliza gitala yekha, mumamva ngati alipo awiri: chala chachikulu chikuyenda pa nsambo zonenepa ngati besi, chala chinacho chikuimba nyimbo pamwamba. Chimenecho ndicho chimene manja awiri ayenera kuchita pa kiyibodi. Ndipo kwela yambiri imangozungulira pa do, fa, do, so, magulu omwe aja a m'buku la nyimbo, koma atavula jekete.

Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona ndipo ankaliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band mpaka imfa yake mu 1995, amaphunzitsa china. Amatenga kachidutswa kamodzi n'kukabwereza kosalekeza, koma sikatopetsa, chifukwa nthawi ndi nthawi amakapotoza pang'ono, apa kumenya molimba, apo kusiya mpata. Woliza wachinyamata amaganiza kuti luso ndi kuchulukitsa ma chord. Namoko amakuuzani kuti luso ndi kudziwa chochita ndi ochepa amene muli nawo.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mangolongondo a Ayao amalizidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anizana, wina akumenya mumipata imene mnzake wasiya, mpaka khutu limamva nyimbo yachitatu imene palibe mmodzi wa iwo akuiliza yekha. Ku chigwa cha Shire kuli ulimba wa Asena, wa matabwa oyalidwa pamwamba pa zikho, oyambira mawu aakulu kukathera aang'ono, ndendende ngati makiyi. Makolo athu ataona choimbira cha amishonale chopopa ndi mapazi chija, sanavutike kufuna dzina, anangoti limba. Ndiye musamaone kiyibodi ngati mlendo amene ayenera kulankhula Chingerezi chokhachokha.

Alipo woliza piyano weniweni wa mu Africa muno amene ndingamutsatire?

Alipo ambiri, koma kwa munthu wokulira m'kwaya ndimatchula Abdullah Ibrahim, amene poyamba ankadziwika kuti Dollar Brand. Anabadwira ku Cape Town mu 1934, ndipo agogo ake aakazi ankaliza piyano m'tchalitchi cha African Methodist Episcopal. Mu 1963 Duke Ellington anamumva akuliza ku Zürich, n'kumutsegulira khomo lojambulira nyimbo ku Paris. Anafika pamwamba pa jazi ya dziko lonse, koma nyimbo za m'tchalitchi cha agogo ake sizinachoke m'zala zake.

Funani nyimbo yake yotchedwa Mannenberg, yojambulidwa mu 1974, imene inadzakhala nyimbo ya anthu olimbana ndi tsankho ku South Africa. Imapitirira mphindi 13, ndipo nthawi yonseyo piyano ikungozungulira pa ma chord ochepa amene mumawadziwa kale. Muzu wake ndi marabi, nyimbo zimene zinkalizidwa usiku wonse pa malimba opopa ndi mapazi m'makomboni a Johannesburg m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Tsiku limene ndinaimva koyamba ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndinali ndikuganiza kuti do, fa ndi so ndi zinthu za ongoyamba kumene, zoyenera kuzisiya munthu akakula. Mkuluyu anandionetsa kuti chosowa sichinali ma chord atsopano. Chinali kukhudza: kudziwa pomenya mofewa, polemera, ndi pochotsa manja n'kulola Basil Coetzee alankhule ndi saxophone yake.

Wina ndi Moses Ngwenya wa gulu la Soul Brothers, amene kaseti zake zinabwera kuno m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Limba lake lamagetsi limatsegula nyimbo mothamanga ngati madzi otsika phiri, kenaka n'kubwerera m'mbuyo kupatsa malo oimba. Kwa iye phunzirani kayambidwe ka nyimbo, masekondi oyamba aja amene amauza anthu kuti aimirire.

Kutengera kalizidwe ka munthu wina si kuba kodi?

Kutenga nyimbo ya mwini n'kuijambula ngati yanu, kumeneko ndi kuba, ndipo bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha zoterezi. Koma kukhala pansi n'kutsanzira mmene katswiri amayendetsera zala ndi mmene aliyense anaphunzirira. Ku Zimbabwe, Nicholas Zakaria, amene makolo ake anachokera kuno ku Malawi, anapatsidwa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oimba amene anakulira m'gulu lake la Khiama Boys. Mmodzi wa iwo ndi Alick Macheso, amene lero palibe angamusokoneze ndi mphunzitsi wakeyo.

Choopsa ndi kutengera munthu mmodzi yekha moyo wonse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Erik Paliani anayambira kuliza gitala kuno kwathu, anapita ku South Africa, mpaka kukagwira ntchito ndi Hugh Masekela. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anatenga nyimbo za kwawo kumpoto n'kuzikumanitsa ndi jazi popanda kuzichotsa fungo la kumudzi. Langizo langa ndi ili: khalani ndi woimba mmodzi miyezi itatu, mumumvere mpaka anzanu atayamba kukutchulani dzina lake, kenaka musamuke mupite kwa wina wosiyana naye kotheratu. Zimene zidzatsalira m'zala mutadutsa kwa anayi kapena asanu, zimenezo ndiye zanu.

Nanga batani la transpose ndi ng'oma za m'kiyibodi momwemo, n'zoipa?

Si zoipa, koma zimalera ulesi mwakachetechete. Batani la transpose limakulolani kuliza nyimbo iliyonse pa makiyi oyera a C, makina n'kumakweza kapena kutsitsa mawu m'malo mwanu. Ine ndinadalira batani limeneli zaka ziwiri. Tsiku lina tinapita ku maliro kutsidya kwa malire, ku Angonia, kumene Chichewa chake ndi chathu chomwechi ndipo nyimbo zambiri ndi zomwezi. Kiyibodi imene inalipo inali yakale, mabatani ena atafa. Amayi anaiyamba nyimbo pa E flat. Ndinakhala manja ali pa mawondo mpaka nyimbo inatha, pamaso pa anamfedwa amene ankayembekeza kuti ndiwatonthoza. Ndinabwerera ndi chisoni chachikulu, ndipo Loweruka lotsatira ndinayamba kuphunzira kiyi imodzi mwezi uliwonse.

Ng'oma za m'makina nazo zili ndi vuto lake. Sizimva anthu. Mpingo ukafika pa mawu olemera umafuna kuchedwa pang'ono, kupuma, koma makina amangopitirira, ndiye anthu ndi amene amayamba kuthamangira makina. Kamodzi pa sabata zimitsani zonse, musiye mawu a piyano okha, muone chimene manja anu angathe.

Kodi ndiyenera kudziwa kuwerenga manotsi?

Mukapeza mwayi, phunzirani. Nyimbo ya fuko lathu, imene Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, imaimbidwa mofanana ku Chitipa ndi ku Nsanje chifukwa inalembedwa. Ku Blantyre, Wyndham Chechamba anathera zaka zambiri akuphunzitsa achinyamata kuwerenga ndi kuliza. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ndipo ku Zomba, pa University of Malawi, zoimba zimaphunzitsidwa ngati phunziro lina lililonse.

Musadandaule kuti kiyibodi yathu ili ndi makiyi 61 pamene piyano ili ndi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Bach yemwe uja analembera mwana wake Wilhelm Friedemann tinyimbo 15 tophunzirira, totchedwa Inventions, mmene dzanja lililonse limaimba nyimbo yakeyake, ndipo tonse timakwana pa makiyi 61. Mukadzafika pa kanyimbo koyamba ka mu C, mudzamva dzanja lamanja likuyamba, lamanzere n'kuyankha mawu omwewo pansi. Mudzakumbukira mangolongondo.

Kiyibodi ndi ya mpingo, ndimaigwira kawiri pa sabata. Masiku enawo ndizitani?

Muzimvera, ndipo muziliza pa mawondo.

Sankhani nyimbo imodzi Lolemba. Tsiku loyamba tsatirani besi yokha, muziing'ung'udza popita kumunda kapena kusukulu. Lachiwiri tsatirani kiyibodi yokha, muone pamene imalowa ndi pamene imakhala chete. Lachitatu yesani kutchula ndi pakamwa pamene nyimbo yachoka pa do kupita pa fa kapena pa so. Jambulani makiyi pa katoni, kukula kwake kofanana ndi enieni, muziyendetsapo zala madzulo. Katoni salira, koma amaphunzitsa dzanja mtunda wochokera pa C kukafika pa G popanda kuyang'ana.

Ndipo kukakhala ngoma kapena msindo m'mudzi, kapena Angoni akasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano, pitani mukaime pafupi. Musangoonera zishango ndi nthenga. Mverani kugunda kwa mapazi a abambo, ndi mmene manja a amayi amagwera pena pamodzi ndi phazi, pena pakati. M'magule athu ambiri muli kawerengedwe kawiri koyenda nthawi imodzi, kena kakuti 1, 2 pamene kena kakuti 1, 2, 3, ndipo onse amakumana pa 1. Mukafika kunyumba khalani pakhonde, dzanja lamanzere limenye bondo kawiri pamene lamanja likumenya katatu. Masiku oyamba manja adzakangana, lina lidzakokera linzake. Pitirizani pang'onopang'ono mpaka mutatha kutero uku mukucheza ndi munthu. Loweruka likafika, ikani lamanzere pa C wapansi, lamanja pa E ndi G, muchite chimodzimodzi, ndipo muwapemphe amayi a alto akhale kaye pang'ono kwaya ikatha kuti muyesere nawo nyimbo ya mawa.